Nsalu Yakuda m'Diso la Kumanja

Ndinali pakati pa chiganizo pamene mbali imodzi ya tsamba inazimirira. Ndinayesa kuti wina waima kumbuyo kwanga n'kunditchingira kuwala, ndiye ndinacheuka kuti ndimuuze asunthe. Kunalibe munthu. Pamasitepe akuseri kwa fakitale ndinalipo ndekha, buku pamwendo, buledi amene ndinaiwala kudya ali pambali. Kunja dzuwa linali likuswa mtengo.

Ndinatikita m'maso n'kuyang'ananso. Mthunzi uja unalipobe. Nditatseka diso la kumanja, tsamba linabwerera lonse, loyera bwinobwino. Nditatseka la kumanzere, mthunzi uja unaonekeratu. Kuchokera pakona ya m'mwamba, chinthu chakuda chinali chitalendewera ngati nsalu imene wina waikoleka m'kati mwa diso. Ndikagwedeza mutu nayonso inkagwedezeka pang'ono, koma osachoka.

Masiku a m'mbuyomo ndinkaona timadontho takuda tikuyandama patsogolo panga ngati mwaye, nthawi zina kung'anima ngati mphezi pomwe kumwamba kulibe mtambo. Ndinkangoti n'kutopa. Munthu wosoka makolala a malaya kuyambira m'mawa mpaka madzulo, maso ake angalekerenji kutopa?

Ntchito yanga inali imeneyo, makolala. Thupi la malaya ankasoka ena, manja ena, mabatani enanso. Ine kolala, kolala, kolala, zaka ndi zaka, mpaka ndikakumana ndi munthu pamsewu ndinkayamba kuona kolala yake ndisanaone nkhope. Ntchitoyo ndinkadana nayo kuchokera pansi pa mtima. Ndinkadana ndi phokoso la makina limene linkanditsatira mpaka kunyumba, ndi fumbi la nsalu lokhala m'mphuno, ndi belu lotiuza nthawi yodya ngati ana a sukulu. Chimene chinkandipatsa mpweya ndi mabuku. Ndinkawerenga m'basi popita, ndinkawerenga m'basi pobwerera ngakhale nditaimirira, dzanja lina litagwira chitsulo. Loweruka ndikaweruka ndinkadzera kwa bambo wina wogulitsa mabuku akale pakhonde la sitolo ya nsapato, amene ankalola kusinthitsa owerengedwa kale ndi ena. Lamlungu ndikatha kuchapa ndinkakhala pansi pa zenera la kuchipinda, ndipo miphika ingapo ya m'nyumba mwathu inapserera chifukwa cha anthu amene sanakhalepo ndi moyo. Anzanga a pamzere ankanditchula kuti Aphunzitsi, theka moseka, theka monyoza.

Buku la tsiku limenelo linali la mayi wina amene ankasakasaka mchimwene wake wosowa, ndipo anali atangokwera sitima yopita kumene anauzidwa kuti akamupeza. Ndinalitseka. Belu linalira.

Woyang'anira mzere wathu tinkawatchula a Wotchi, chifukwa ngakhale pokupatsa moni maso awo ankakhala padzanja. Anali ataima pakhomo kuona amene achedwe. Ndinawadutsa nditawerama, osanena kanthu. Ndikanati chiyani? Chaka cham'mbuyo mayi wina wachikulire wosoka matumba anayamba kuvutika kulowetsa ulusi m'singano. Anamusamutsira kosesa, ndipo patapita nthawi yochepa sitinamuonenso. Pafakitale paja maso ndiwo anali chiphaso cha ntchito.

Ndinadzidabwa ndekha. Zaka zonse zija ndinkalota tsiku limene ndidzadzuke pampando uja osabwereranso, koma masana amenewo ndinagwira makina anga ngati mwana wogwira chovala cha amake pamsika.

Wokhala pambali panga anali mayi wina amene tinkamutchula a Wailesi, poti pakamwa pawo sipankazima. Anaona msanga kuti ndikusoka mutu nditaupendeketsa, n'kundifunsa ngati ndasanduka nkhuku yoyang'ana mphamba. Ndinati fumbi landilowa m'diso. Anaseka n'kupitiriza nkhani ya mkamwini wawo, ine ndikungoyankha kuti eya, eya, pomwe mtima wanga wonse unali pa nsalu yakuda ija. Inkatsika. Pang'onopang'ono, mosafulumira, koma inkatsika. Pamene ndinkayamba mtolo wa makolala inali pakona. Pofika pakati pa mtolo, dzanja langa la kumanja ndinkaliona theka.

Singano inalowa pachala cholozera, kupyola chikhadabo, n'kuthyokera momwemo. Ululu sindinaumve msanga. Ndinangoona kolala yoyera ikufiira, a Wailesi akuzimitsa makina anga, anthu akuimirira. A Wotchi atafika anayang'ana kolala, kenako wotchi yawo, pomaliza chala changa. Anauza dalaivala wa galimoto yonyamula katundu kuti akanditule kuchipatala.

Namwino amene anandichotsa kansonga ka singano anali wansangala. Anandiyamikira kuti ndine wolimba mtima, akuti abambo ena akuluakulu amakomoka ndi bala laling'ono kuposa limenelo. Anayamba kukulunga bandeji akuimba chapansipansi. Ndinayang'ana nkhope yake, ndipo chipumi chake sichinkaoneka.

"Chalachi si kanthu," ndinatero motsitsa mawu. "Diso langa likutsekeka."

Anandifunsa kuti likutsekeka bwanji. Ndinamufotokozera za mwaye, za mphezi, za nsalu. Nyimbo ija inatha. Anasiya bandeji ikulendewera, n'kundifunsa kuti zayamba liti, ndipo nditati masana omwewo anandigwira dzanja n'kundidzutsa. Tinadutsa m'khonde lalitali, tinakhota, tinapitirira anthu ambiri amene anali pamabenchi kudikira. Ena anang'ung'udza poona ndikulowa iwo asanalowe. Akanadziwa kuti ine ndinkalakalaka kukhala nawo pamabenchipo. Kuchipatala akakudumphitsa mzere, umadziwa kuti zinthu sizili bwino.

Dokotala wa maso anali mayi wochepa thupi, wolankhula mosathamanga. Anandidonthezera mankhwala, n'kundiunika ndi kuwala kobaya mpaka misozi inayenderera m'masaya. Ankandiuza kuti ndiyang'ane kumwamba, pansi, kumbali. Atamaliza anakokera mpando wawo pafupi. Anati kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kamene kamalandira kuwala, ndipo kanga kanang'ambika n'kuyamba kumatuka ngati pepala lomatidwa pakhoma lachinyezi. Kakamatuka mpaka pakati, disolo lingathe kuzimiratu. Anati andichita opaleshoni m'mawa mwake. Kenako anawonjezera, ngati munthu wotula katundu wachiwiri, kuti la kumanzere nalonso lili ndi malo ofooka, ndipo adzalikonza la kumanjalo likapola.

"Kodi ndi mabuku, adokotala?" ndinafunsa.

"Ayi, mayi. Mabuku sang'amba diso. Maso ena amangokhala otero."

"Ndidzawerenganso?"

Anayang'ana manja awo. "Ndiyesetsa mmene ndingathere. Koma sindingakulonjezeni chimene sindikuchidziwa."

Anandiletsa kuwerenga kuyambira nthawi yomweyo, ngakhale ndi diso labwinolo. Anati maso amayenda limodzi, ndipo kuthamangathamanga pamizere kumakoka kachikopa kaja. Ndipite kunyumba, ndikagone chagada osagwedezeka, ndikabwerenso m'mamawa ndisanadye kanthu.

Amuna anga amawotcherera zitsulo. Anafika kuchipatala ndi ovolosi yawo yakuda, magalasi a ntchito akadali pachipumi. M'basi anayesa kundiseketsa, akuti iwo amene amayang'ana moto tsiku lonse maso awo ali bwinobwino, ndiye langa silingalephere kuwotcherereka. Ndinayesa kumwetulira. Dzanja lawo, limene linagwira langa njira yonse, linali lozizira ngati chitsulo cha m'mawa.

Kunyumba tinkakhala ndi apongozi anga, mayi awo a amuna anga. Kuyambira kale ankandiuza kuti mapepala amadya maso, ndipo ndinkayembekeza kuti andikumbutsa zimenezo. Sanatero. Anamvetsera mwana wawo akufotokoza, anandifunditsa bulangete, n'kutuluka. Patapita kanthawi anabwera ndi katoni. Ndili chigonere ndinamva mabuku anga akuchoka pashelefu limodzi ndi limodzi, n'kumagwera m'katonimo.

"Asiyeni amenewo, amayi," anatero amuna anga. "Adokotala anena kuti si mabuku."

"Adokotalawo nawonso ndi anthu a mabuku omwewo. Angaulule mnzawo?"

Katoni inakankhidwira kunsi kwa bedi, ndipo ndinaimva ikukhwekhwereza pasimenti pansi pa msana wanga.

Dzuwa litapendeka, onse ali kunja, ndinatambasula dzanja n'kupeza chikwama changa. Buku la mayi wa m'sitima lija linali momwemo. Sindinafune kuphwanya lamulo la adokotala. Ndinangofuna kuyesa chinthu chimodzi. Ndinatsinzina maso onse awiri, ndinatsegula buku, n'kuyendetsa zala patsamba. Linali losalala. Ndinatembenuza lina, nalonso losalala. Mayi uja, sitima ija, mchimwene wosowa uja, zonse zinali momwemo pansi pa zala zanga, koma zalazo sizinapeze kanthu. Kunja ana ankasewera mpira, wina ankamenya chitsulo patali, apongozi ankatsuka mbale. Ndinakhala choncho nditatsinzina, ndikuopa kutsegula maso, ndikuopanso kuwasiya otseka.

Za opaleshoni ndikukumbukira zochepa: kuzizira kwa chipinda, nsalu yobiriwira pankhope, mawu a adokotala akupempha zipangizo. Atamaliza anandiuza kuti aika kampweya m'diso kuti kazikankhira kachikopa kaja pamalo pake. Kuti kampweyako kagwire ntchito, ndinayenera kukhala chafufumimba, nkhope yoyang'ana pansi, usana ndi usiku, kwa masiku ambiri.

Amuna anga anawotcherera kachitsulo kozungulira, anakakulunga ndi matawulo, n'kukamangirira kumiyendo kwa bedi kuti ndiziikapo nkhope. Dziko langa lonse linasanduka kachigawo ka simenti. Ndinaudziwa mng'alu umene unali pamenepo kuposa mmene ndimadziwira chikhatho changa. Ndinadziwa nthawi imene nyerere zimadutsa. Anthu ndinkawazindikira ndi mapazi: nsapato zothimbirira za amuna anga, zidendene zong'aluka za apongozi. Khosi linkawawa, msana unkawawa, koma choopsa chinali kudzuka. M'mawa uliwonse ndisanatsegule diso la kumanzere ndinkayamba ndamvetsera mtima wanga ukugunda, poopa kuti nalonso ndilipeza litakolekedwa nsalu.

Lamlungu lina kunalowa nsapato zofiira zimene ndinazidziwa nthawi yomweyo. A Wailesi anakhala pampando n'kuyamba nkhani, za mkamwini wawo, za amene wakangana ndi mnzake pamzere, za mtengo wa sopo. Anazungulira kwambiri, zimene sizinali khalidwe lawo, ndipo ndinadziwa kuti abwera ndi mawu. Pomaliza anati a Wotchi apereka moni, komanso akuti makina sangadikire munthu. Pampando wanga panali patakhala kale wina.

Ndinaganiza za nyumba ya lendi, za apongozi ndi mankhwala awo, za ntchito ya amuna anga imene mwezi wina imapezeka, mwezi wina osapezeka. Ndani angalembe ntchito mayi wa diso limodzi, mwinanso wopanda ndi limodzi lomwe? Komabe pansi pa manthawo panali kanthu kena kamene ndinachita nako manyazi. Kanali ngati mpumulo wa phazi ukavula nsapato yothina. A Wailesi anandisisita pamsana, akuyesa kuti ndikulirira makolala.

Kulira kwenikweni kunabwera tsiku lina masana. Munthu ukagona chafufumimba misozi siyenda m'masaya, imangogwa molunjika. Amuna anga atabwera kudzadya anapeza pasimenti patanyowa. Anagwada n'kundifunsa ngati diso likuwawa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndi za ntchito. Ndinati ayi. Ndinachita manyazi kunena, koma ndinanena: ndinkafuna kudziwa ngati mayi uja anamupeza mchimwene wake.

Kenako ndinamva zipi ya chikwama changa.

Amuna anga si munthu wa mabuku. Kuwerenga amadziwa, koma chiyambire kukwatirana sindinawaonepo akuwerenga china choposa miyeso ya mageti ndi mawindo. Ankandiwerengera buku lija ngati munthu wosenza chitsulo pachitunda, kupuma pakati pa mawu, kubwerera m'mbuyo, kudumpha mzere n'kudabwa kuti nkhani yasokonekera pati. Tsamba limene ine ndikanalimeza kamodzi, iwo ankalitafuna mpaka chakudya kuzizira. Tsiku lachiwiri anayamba kukangana ndi anthu a m'bukumo. Munthu wina wa m'sitima atalonjeza kuthandiza mayi uja, iwo anaika buku pansi n'kunena kuti ameneyo ndi wabodza, anthu otere amawadziwa, amabwera kudzaitanitsa geti n'kusowa. Ndinaseka mpaka khosi linandipweteka.

Patapita masiku ndinayamba kuona zidendene zong'aluka zija pakhomo la chipinda nthawi yowerenga ikakwana. Zinkaima pamenepo osalowa. Amuna anga atawapatsa mpando, apongozi anati iwo sakumvetsera zimenezo, angoima poti pamenepo pakupita mphepo. Koma tsiku lina mwana wawo atachedwa kuntchito, anandibweretsera tiyi n'kundifunsa, ngati akufunsa za mnansi, kuti kodi mayi uja ndalama zikamuthera kumeneko adzagona kuti.

Zinkanditonthoza, sindikana. Koma ngakhale ndikumvetsera, mantha ankakhala pambali panga. Ndinkadzifunsa ngati moyo wanga udzakhale wotere mpaka kalekale, kulandira nkhani kuchokera pakamwa pa ena, pa nthawi imene iwo apeza mpata, pa liwiro lawo. Kuwerenga kunali malo okhawo amene ndinkapitako ndekha, popanda belu, popanda wondiyang'anira.

Adokotala anadzandilola kudzuka. Kampweya kaja kankachepa tsiku ndi tsiku, kakuyandama m'diso ngati dontho la mafuta pamadzi, mpaka kanatha. Nsalu yakuda inali itachoka, koma m'malo mwake munali chifunga. Ndinkaona kuti apa pali zenera, apa pali munthu, basi.

Tsiku lokonza diso la kumanzere linafika. Asanayambe, namwino anandiimika patsogolo pa chikwangwani cha zilembo chimene chinali pakhoma patali, n'kunditseka diso labwinolo. Anandifunsa chimene ndikuona. Ndinaona mabanga otuwa. Ndinayesa kulota, ndinatchula chilembo china, ndipo mmene anakhalira chete ndinadziwa kuti ndaphonya. Adokotala atandiunika anati kachikopa kagwira, ntchito yawo yatheka, chotsala n'kudikira. Kuona kungabwerere pang'onopang'ono, kapena kungaime pomwepo. Kenako anakonza la kumanzere ndi kuwala kong'anima, n'kulimata ndi thonje, akuti ndikachotse mawa lake.

Ndinatuluka m'chipindamo ndi diso lodwala lokha. Khonde lija, limene ndinalidutsa tsiku loyamba namwino atandigwira dzanja, tsopano linali mtsinje wa mithunzi. Anthu ankatulukira m'chifunga n'kulowanso m'chifunga. Ndinagwira mkono wa amuna anga ndi manja onse awiri, ndikuponda ngati pansi pali maenje. Mumtima ndinkati ndi mmenemu, ndi mmene zidzakhalire la kumanzere likadzalephera. Amuna anga ankandiuza kuti apa tikhota, apa pali benchi, tatsala pang'ono kutuluka.

Tinafika pachitseko chagalasi chotulukira kunja. Iwo anatambasula dzanja kuti atsegule, ine n'kuima. Patsogolo pa mphuno yanga penipeni panali kanthu kofiira komatidwa pagalasi. Ndinasendeza nkhope pafupi mpaka mpweya wanga unachita nthunzi pagalasipo. Kofiirako kanayamba kugawikana. Panatuluka mzere woimirira wokhala ndi timiyendo tiwiri, wopindika ngati ukuoneka pansi pa madzi. Pambali pake panatuluka china chosongoka kumutu. Ndinasuntha mutu pang'onopang'ono, kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndikuopa kuphethira.

"Kankhani," ndinatero.

"Eetu, tikankhe, mayi. Tiyeni."

Sindinasunthe. Ndinabwerera kuchilembo choyamba n'kuyambiranso, chimodzichimodzi, milomo ikuyenda ngati ya mwana wa kalasi yoyamba. Kumbuyo kwathu kunayamba kusonkhana anthu. Ndinamva ndodo ikugogoda pansi, mwana akulira kumsana, bambo wina akufunsa ngati chitsekocho chawonongeka. Amuna anga anandiyang'ana, anayang'ana pagalasi, kenako anachotsa dzanja lawo pachitseko n'kutembenukira anthu aja.

"Pepani, dikirani pang'ono," anatero. "Akuwerenga."